Galu Wanu Akukwera Ndege, Inu Mukutsala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, koma mawondo anga ayamba kufanana ndi anu aja.

Chimanga cha kuseri kwa nyumba chachita bwino chaka chino, ngakhale anankafumbwe sanatisiye. Tiwonge, mdzukulu wanu amene ali ku Ayalandi, wabereka mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, ndipo akuti akalira, nyumba yonse imadziwa.

Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Amayi, ndikusamuka. Chipumireni pa ntchito ku chipatala kuja, shuga wandivuta, ndipo ndinagwa kawiri m'bafa popanda wondidzutsa. Tiwonge wati basi, ndikakhale naye. Ndinayenda ku City Centre mpaka nsapato kutha, kujambulitsa zala, kuyankha mafunso ngati ndaba mbuzi. Viza yatuluka sabata yatha. Amayi anzanga a Umanyano ku tchalitchi analulutira.

Galu wanu Bobi ndikupita naye. Inde, sekani. Si inu munkati, "Galu wam'nyumba ndi zachizungu, achoke!" Koma mutadwala, ndani ankagona pansi pa bedi lanu? Ndinkakuonani mukumuponyera chiwindi mobisa. Abambo Chisale, alonda athu, anati ndiwasiyire, amusamala. Ndinakana. Pa onse amene anakudikirirani nane m'chipinda chija, watsala ndi iye yekha. Adokotala a ziweto amubaya katemera, amutenga magazi, amuika kachitsulo pakhosi kosonyeza mwini wake. Ndagula bokosi lokwerera ndege kwa amwenye ku Old Town, ndipo masiku ano ndikumuphunzitsa kugonamo. Amalowa, n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mutamwalira, amalume anabwera ndi lole kuti akutengeni ku Rumphi, mukagone pakati pa makolo anu monga mwa mwambo. Ine ndinaima pakhomo. Ndinawauza mawu anu omwe: "Mudzandiike komwe akukhala mwana wanga, ndisamakhale ndekha." Anabwerera lole ili yopanda kanthu, ndipo mpaka anatsikira kulichete asanandilankhulenso. Tinakuikani ku manda a ku Area 18, pakati pa anthu osawadziwa, chifukwa cha ine. Lero ine ndemwe ndikunyamuka. Galu ndamupezera mapepala, koma inu palibe ofesi imene ingandipatse chilolezo chokutengani. Zikundiwawa, Amayi, ndipo ndikuchita manyazi.

Loweruka ndinabwera ndi khasu. Munandiona? Ndinalambula, ndinatsuka chiliza, ndinadzala maluwa osafuna madzi ambiri. Abambo Chisale alonjeza kumadzalambula mvula ikamatha. Ndi munthu wabwino, koma sadzakhala pansi kukuuzani nkhani, sadziwa n'komwe nyimbo ya Chitumbuka imene munkaikonda.

Nditachoka pamanda anu ndinapita kukafunsa za malo apafupi nanu. Alipo, kumapazi kwanu, ndipo ndawagwira. Madzulo ake ndinaimbira Tiwonge, abusa ali pompo monga mboni. Ndinamuuza kuti tsiku langa likadzakwana asadzandiike m'dothi lozizira la kumeneko, adzandibweze. Anangolira. Ndinabwereza mpaka anavomera.

Choncho musati ndakuthawani. Ndidzabwera, Amayi, kaya ndi miyendo yanga, kaya atandinyamula. Mundidikire pomwepo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Ulemu