Nyimbo ya Agogo Aidula Pakati

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Luziya, mwana wanu woyamba. Lino ndi dzinja lachiwiri chitisiyireni, ndiye ndati ndikuuzeni za kuno ku Mualadzi.

Chimanga cha chaka chatha sichinachite bwino. Mvula inadula chikumasula, ndipo nkhokwe yanu ija tinangoithira kufika m'chiuno. Akamwini anu a Zakariya anatengedwa ndi asipai, apolisi a boma aja, kukagwira chibalo cha msewu. Abwerako, koma ndi chifuwa chosamva mankhwala, khasu akuligwira mongoyerekeza. Chabwino n'chakuti mng'ono wanga Rozina ali ndi mwana wamkazi, wamphumi ngati wanu, ndipo tamutcha dzina lanu. Munkati ndiwo zikachepa usatukwane mphika. Ndikuyesa, amayi, koma pakamwa pamayabwa.

Chimene chandikhazika pansi kwenikweni ndi buku la atate anu, agogo a Tomasi, lija la nyimbo ndi mapemphero limene analemba ali akatekisita, ansembe akale n'kulisindikiza. Mukudziwa mmene anthu ankalitamira. Kuyambira ku Nsadzo mpaka ku Cassacatiza ankati Chinyanja chokoma chinathera m'manja mwa a Tomasi. Tsopano kwabwera Padiri watsopano, akufuna kusindikiza buku lina. Tsiku lina Misa itatha anaitanitsa akatekisita ndi aphunzitsi kuti anene ngati nyimbo za agogo zilowemo.

Amene anayamba kuimirira ndi mzime wanu, mlongo wanga Afonso. Paja tsopano ndi pulofesolo, akuphunzitsa ana pa shikola ya mishoni, amavala nsapato ngakhale mkati mwa sabata. Anati, "Abambo Padiri, ndikunena za agogo anga enieni, ndiye wina asati ndi nsanje. Nyimbo zawo zimazungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Chimene Mpwitikizi amanena m'mzere umodzi, iwo amachibwereza mpaka munthu kuyasamula. Anatchuka chifukwa masiku amenewo wodziwa kugwira cholembera kuno anali okha."

Mawu otsirizawo anandilasa, amayi. A Benedito, akatekisita okalamba aja, anadzuka n'kuti, "Mwana iwe, buku limenelo sitichotsamo ngakhale kadontho!" Afonso anawafunsa mwaulemu kuti nyimbo yokoma koposa ndi iti, ndipo imakoma pati. Iwo anangoti, "Zonse," n'kukhala pansi akutsokomola. Achinyamata anaseka. Kutiteteza kwawo kunali komweko.

Kenaka a Juliyasi, amene anakhalitsa ku Halale, anaponya mwala wina. Anati iwo anamva kuti analemba nyimbozo ndi wansembe wachizungu, a Tomasi ankangokopera. Panalibe wowatsutsa, poti onse amene anaona ndi maso muli nawo kumeneko. Inu mukanakhalapo mukanawakhazika chete. Munkandiuza kuti agogo ankakuitanani muli pamtondo kuti muimbe mzere umene angoupeka, ndipo mpweya ukakutherani pakati ankaufufuta n'kuyambiranso. Ndinafuna kunena zimenezo, koma ndinadziwa kuti adzati mdzukulu akuikira kumbuyo magazi ake.

Ndinaimirirabe, ngakhale pabwalo lotere akazi sitilankhula. Ndinati, "Afonso, mlongo wanga, inu mumawerenga ndi maso, mukaphonya mumabwerera pamwamba. Ife a khasu timawerenga ndi makutu. Mawu akapanda kubweranso, ndiye kuti atipita." Sanakwiye ayi. Anandiyankha mofatsa, kufatsa kwake kowawa kuposa chipongwe. "Achemwali, n'chifukwa chake tikumanga shikola. Ana anu adzawerenga ndi maso, ndiponso m'Chipwitikizi."

Pobwerera ndinafunsa mwana wanga Mariya kuti Mphambe ndani, dzina lija agogo ankakonda kutchulira Mulungu. Anaganiza pang'ono, n'kuti kapena ndi munthu wa ku Nsadzo. Ndiye mukuona, amayi, Afonso sananame zonse. Chimenecho ndicho chikundisowetsa mtendere. Akanakhala wabodza ndikanangomukwiyira, mtima n'kukhala pansi.

Padiri, amene Chinyanja amachimva mwa apo ndi apo, anagamula kuti mabuku akale asonkhanitsidwe ku mishoni. Nyimbo imodzi yokha ndiyo ilowe m'buku latsopano, ya pamaliro ija yoti "Nthaka tsegula, mwana wabwera wotopa," koma Afonso aidulire. Dzina la agogo silidzalembedwa. Adzangoti nyimbo ya makolo. Munkati mawu a akulu amakoma akagonera. A atate anu agonera zaka zonsezi, lero akuti asasa.

Mwezi wathawu tinaika a Nabanda, anzanu oumba nawo mbiya aja. Kapena mwalandirana kale. Kumanda ana a shikola anaimba nyimbo yodulidwayo. Sindinama, anaimba bwino, mawu ake oyera, osapunthwa paliponse. Koma inatha dzenje lisanafike ndi pakati pomwe. Adzukulu anapitiriza kukwirira, ife tili chiimire, osamva kanthu koma makasu ndi dothi likugwera pansi. Mwana wa malemu, amene anali atadzigwira nthawi yonseyi, anadzigwetsa n'kuyamba kukuwa.

Ndinayambitsa ndime yakale, amayi awiri okalamba n'kundilandira. Tinayenda nayo pang'ono, kenaka mawu anandithawa. Ine amene ndinakulira pamsana panu mukuiimba, ndinaima kukamwa kuli yasa. Amayi aja anandiyang'ana kuti ndiwatsogolere, ine ndikuyang'ana iwo. Adzukulu anamaliza ntchito yawo popanda nyimbo.

Potuluka kumanda Afonso anandipeza, nkhope ili yowala. Anati, "Mwaona achemwali? Lero anthu sanatope." Sanali kundiseka. Iye anaonadi kuti zayenda bwino. Ndinangomupatsa madzi osamba m'manja. Ndi mwana wanu, amandigulira mchere, a Zakariya atadwalika ndiye anawanyamula panjinga. Ndidana naye bwanji?

Ngati mumaonana ndi agogo, musawauze msanga. Asiyeni aziganiza kuti kuno tikuimbabe. A Benedito maso akuchita khungu, amayi awiri aja ndi a lero kapena mawa, ndipo ine mutu wanga wayamba kudontha ngati dengu. Sindikuona amene adzatole.

Mvula ikatha ndidzabwera kudzalambula pamanda panu. Ndidzakhala pambali panu n'kukuimbirani nyimboyo kuyambira pachiyambi, mosathamanga, monga munkaimbira inu. Pamene mawu andithawa ndidzaimba chotseka pakamwa mpaka ndime ithe. Mukamva choncho musandiseke, amayi, mudzangondilandira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Luziya