Cheke cha malemu a Mikidadi

Silver Spring, Maryland

Alamu anga a Sheriff,

Salamu alaikumu. Muli bwanji ku Namwera? Nanga mayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ine ndi mwana wanu Zahra tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangolira. Ndamva kuti a Kalekeni a ku Woodbridge atafika kumudzi anakuuzani kuti kampani ya makina othandiza kupuma aja, amene anawononga mapapo a achimwene anu a Mikidadi, yalipira mamiliyoni a madola, ndipo ine ndikudya ndekha.

Mamiliyoniwo ndi oona, alamu, koma si athu tokha. Mlandu uja unali wa gulu, anthu masauzande ambiri amene anagwiritsa ntchito makinawo. Woweruza atavomereza mgwirizano, maloya anayamba achotsa gawo lawo. Kenaka zinachoka za ofesi yolemba maina ndi kutumiza macheke. Zotsala anazigawa m'magulu. Amene anali ndi umboni wa dokotala woti makinawo ndiwo anawadwalitsa analandira zambiri.

Ife umboniwo tinalibe. Mukuwadziwa achimwene anu, zachipatala ankakana. Ankati ndi chifuwa wamba, n'kudzuka kukayendetsa basi. Mmene ankavomera kupita, madokotala anangolemba kuti chibayo. Mayi wa ku ofesi yogawa ndalama anandiuza mwaulemu kuti iwo amatsata mapepala, choncho anatiika m'gulu la anthu amene anangogula makinawo osadwala.

Cheke chinabwera mwezi watha, madola 212, m'dzina la malemu. Kubanki anakana kundisinthira, akuti ndikatenge kaye chikalata kukhoti chosonyeza kuti ndine woyang'anira chuma chawo. Nditatuluka ndinakakhala pa benchi pa siteshoni, sitima zikubwera n'kumapita, ine osakwera.

Koma chandilembetsa ndi ichi. Lachisanu Zahra anaimbira agogo ake, mayi anuwo, iwo n'kumuuza kuti alibe mawu ndi mwana wa mkazi wakuba. Chichewa chimamuvuta kuyankha koma amamva chonse. Anandifunsa m'Chingerezi ngati tinabadi za bambo ake. Kuyambira tsikulo satchulanso zodzaona manda awo.

Chonde muwawerengere mayi kalatayi pang'onopang'ono. Chekecho chikasinthika ndikutumizirani ndalama yonseyo. Ine andikwiyire mmene angafunire, koma mwanayu amuimbire. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuchimuna kwake watsala ndi inu basi.

Mundiperekere moni kwa akazi anu a Tabu ndi ana onse. Allah akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Ilham