Nkhanga Yanu Ili kwa Feliya

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ndine Enelesi, mwana wanu woyamba. Akundilembera ndi Tereza, mwana wa mng'ono wanga Feliya, yemwe mudamusiya akukwawa uja. Pano ndi mayi wa ana atatu. Ndamuuza kuti alembe zonse monga ndikunenera, ngakhale zokhudza amake, asachotsepo kanthu. Akatha ndikapatsa munthu wina andiwerengere, ndiye asayerekeze kundinamiza.

Kuno tilipo. Amuna anga, bambo a Joni, adakutsatirani, patha zaka ziwiri tsopano. Mukawaona muwauze kuti denga la khitchini adandilonjeza lija likudonthabe. Mbatatesi chaka chino yapsa ndi chiwawu, takumba tochepa, koma chimanga ndiye chachita bwino, nkhokwe yadzadza mpaka pakhosi. Mkazi wa Joni wabereka kamtsikana kumapeto, mphuno yake ndi yanu ndithu. Mtengo wa mapichesi mudabzala kuseri uja udagwa ndi mphepo, koma waphukiranso pachitsa.

Koma chomwe ndakhalira pansi lero ndi nkhani ya nkhanga yanu. Mukukumbuka chitini cha palafini chija mudachidula, n'kuchiwongola pamwala, n'kuboola ndi msomali chithunzi cha nkhanga ndi madontho ake omwe? Poti simunkadziwa kulemba, tinkachisanjika pathumba la mbatatesi, n'kupaka mwaye wosakaniza ndi mafuta, nkhanga n'kutsala pathumbapo. Matumba akasakanikirana pamsewu pa Mlangeni, aliyense ankadziwa kuti lankhanga ndi la aNangozo. Munkati, "Wosadziwa cholembera asasowe dzina." Nanga wogwira chitinicho inu mukukhoma anali ndani? Ndine, Amayi. Msomali udaterereka n'kundibaya chala chachikulu ichi, magazi chuchuchu. Mudandimanga kansanza n'kunena kuti, "Tonthola, nkhanga yakujompha, ndiye kuti yakudziwa." Feliya nthawi imeneyo anali kumsana kwanu, akuyamwa chala.

Ndiye bwanji muli chigonere pamphasa mudapatsa Feliya chitinicho? Iye mudamutumiza kusukulu ya mishoni, ine ndikulera ana anu ndi kupalira. Cholembera anali nacho kale, inu n'kumuwonjezeranso nkhanga. Ine mudandisiyira khasu ndi mthiko. Zaka zonsezi ndakhala ndikumeza malovu, lero ndati ndinene.

Feliya wanu pano ndi wotchuka. Amapanga makadi a ukwati, a chinkhoswe, a ubatizo. Mwana wake wa ku Lilongwe adamubweretsera kamakina, ukalowetsa pepala n'kupukusa, kamatulutsa timitima, timasamba, timaluwa, todulidwa kale bwinobwino. Feliyayo adapitanso kwa munthu wosema zidindo ku Boma kuti amusemere nkhanga yanu palabala, kakang'ono ngati chikhadabo, kodindira timakadi tomangirira pamphatso. Chitini chanu chenichenicho amapakira makadi aakulu, ndi siponji ndi utoto wofiira. Anthu amachokera ku Nsipe komwe kudzafuna "makadi a nkhanga ya a Feliya". Ya a Feliya! Ndipo makadiwo ndi okongola, Amayi, sindinama. N'chimene chimandiwawa kwambiri. Akanakhala onyansa bwenzi mtima wanga uli m'malo.

Tsono Loweruka lapitali kunali chilangizo cha Tiyamike, mwana wamkulu wa Joni, mdzukulu wanga yemwe ndidamulera ine atangosiya bere. Akukwatiwa mwezi uno. Zilangizo zamasiku ano si zanu zija zam'nyumba ayi. Amamanga tenti, mphatso iliyonse amaimangirira kakadi kolembapo dzina la wopereka, ndipo mayi wina amaima ndi chimkuzamawu n'kumaitana mmodzimmodzi. Ine ndinamuumbira mtsuko. Dothi ndinakakumba ndekha kudambo, mawondo awa akulira, n'kuumba masiku atatu, n'kuwotcha ndi makungwa monga mudandiphunzitsira. Unatuluka wofiira, ukaugogoda umalira ngati belu.

M'mawa wa chilangizocho Feliya akuti, "Achemwali, bweretsani ndikumangirireni kakadi, mphatso isapite yamaliseche." Anadinda nkhanga, n'kumanga ndi kaulusi pakhosi pa mtsuko. Ine kuwerenga sindidziwa, koma pepala lopanda zilembo ndimaliona. Ndinamufunsa kuti, "Nanga dzina?" Iye akuti, "Ndilemba tikafika, cholembera chili m'chikwama." Tafika, iye ali piringupiringu ndi alendo, basi waiwala. Kaya anaiwaladi, kaya. Tereza, usandiyang'ane choncho, lemba.

Mayi wachimkuzamawu uja wanyamula mtsuko, watembenuza kakadi uku ndi uku, akuti, "Dzina palibe, koma nkhanga iyi ndani saidziwa? A Feliya, manja anuwo ndi otani? Makadi inu, mitsuko inu, mwatisiyirako chiyani anzanufe?" Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amayi ena anamukokera Feliya pakati, iye n'kuvina ndithu, chiuno gwedegwede, pakamwa osatulutsa liwu loti mtsukowo si wake. Ndipo Tiyamike, mwana yemwe ndinkamutafunira mbatata, anagwada pamaso pa Feliya misozi ili m'maso, akuti, "Agogo, mtsuko uwu ndizimweramo mpaka ndikalambe."

Ine ndili kumbuyo pamkeka, kapu ya thobwa m'manja. Ndikanaimirira, Amayi, koma nkhalamba yolimbirana mtsuko pagulu, pamaso pa akuchimuna, anthu akanati chiyani? Munkati, "Wamkulu amalilira kuseri kwa nkhokwe." Ndinakalilira komweko. Mtsuko si kanthu, dothi kudambo silinathe. Koma mwana uyu akupita kubanja akudziwa kuti agogo ake omulera anabwera chimanjamanja kudzangomwa thobwa. Akamatunga madzi ozizira m'nyumba mwake azidzathokoza Feliya. Chimenechi ndiye chandikhala pamtima ngati mwala.

Lero m'mawa Tereza wabwera ndi kakadi kena kosadinda kanthu, kodulidwa ngati tsamba, ndi kabokosi ka inki. Akuti amake apepesa, ng'oma inawasokoneza mutu. Akuti iye alembepo dzina langa, ndikam'patse Tiyamike ukwati usanafike. Nanga mwiniwakeyo osabwera yekha bwanji? Miyendo yovinira ija yathyoka? Ndiponso dzina lolemba munthu wina, ndi zilembo zomwe sindizidziwa, ine ndingadziwe bwanji kuti ndi langa? Ndakana. Ndangotsegula kabokosiko, ndapondereza chala changa chachikulu painki monga ndimachitira akatiuza kuti tisaine, n'kudinda pakati pa tsambalo.

Amayi, mukanaona! Chatuluka ndi chipsera chomwe, kamzere koyera kodutsa pakati, pomwe nkhanga idandijompha paja. Tiyamike amachidziwa chala chimenechi. Ali wamng'ono sankagona osachigwira, ankatsata chipseracho ndi kachikhadabo kake mpaka tulo. Sipafunika chimkuzamawu. Ndipo ichi ndiye wosema zidindo wa ku Boma sangachiseme, ngakhale Feliya atamupatsa mbuzi. Lembanso zimenezo, Tereza, ukawawerengere amako.

Mawa kukacha ndipita ndekha ndi ndodo yanga kwa Tiyamike. Ndikamuuza atulutse mtsuko, ndikamangirira kakadi kanga ndi manja angawa. Kankhanga kaja sindikachotsa ayi, poti nkhangayo ndi yanu. Koma kanga kakakhala pamwamba.

Ndatopa tsopano, msana ukundikoka, ndikagone pang'ono pamthunzi. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mudakondera. Manda anu ndikalambula mvula isanagwe, ndalonjeza. Koma za chitini chija musaganize kuti ndaiwala, tidzakambirana pamaso ndikafika.

Ndine mwana wanu woyamba, wogwira chitini,
Enelesi

Tereza, bweretsa inki ija, pansipa ndidinda ndekha.