Mafuta a Pamchombo

Hirta, 28 Julayi 1888

Mphepo kuyambira m'mawa. Miyendo yatupa. Kokama ng'ombe wandipitira mlamu wanga Effie, ngakhale naye ndi woyembekezera.

Mimba yachitatu iyi. Awiri oyamba ali kumanda, onse anatha tsiku lachisanu ndi chitatu. Pachilumba pano khanda sitilisokera chovala tsikulo lisanadutse, akuti n'kuputa tsoka. Ine ndasoka. Kamalaya ka ubweya woyera, ndakabisa mu udzu wa pabedi.

2 Ogasiti

Sitima ya alendo. Kutiyang'ana ngati nkhosa za miyendo isanu. Mmodzi, namwino wa ku Glasgow, analowa m'nyumba n'kuloza thumba lopachika kudenga. Ndinamuuza: chifu chouma cha mbalame, m'katimo mafuta a fulmar, mbalame ya m'maphompho. Timayatsira nyale, timapaka mabala, timapakanso mchombo wa khanda. Ananunkhiza, n'kufunsa kuti chifucho chinatsukidwa liti. Ndinaseka. Iye sanaseke. "Mayi, pamchombo nsalu yowiritsa basi. Musapakepo kanthu."

Ndawauza apongozi, omwe ndiwo mzamba wa chilumba chonse. Ati, "Ameneyo anabalapo? M'chiuno ngati chingwe muja? Tormod wakoyo ndinamupaka omwewa, taona mapewa ake."

Tormod mwiniwake: "Usandiike pakati pa iwe ndi amayi." N'kutuluka kukaluka chingwe chake. Munthu wolendewera paphompho osaphethira, koma kwa amayi ake madzi okhaokha.

11 Ogasiti

Wamwamuna. Wabadwa masana, kulira ngati walandidwa kanthu.

Apongozi atatsitsa chifu chija ndinawagwira dzanja. Mphamvu sindikudziwa ndinazitenga kuti. Ndamumanga ndi nsalu yanga yowiritsa. Potuluka ati, "Akafa ameneyu, wamupha ndiwe." Effie anangoyang'ana pansi.

12 Ogasiti

Sabata. Onse kutchalitchi. Mwana akuyamwa mpaka kundipweteka. Dzina sitinamutche, koma mumtima ndi Ewen.

Apongozi anabwera ndi msuzi. Anayang'ana kamimba ka mwana, misozi chuchuchu. "Pouma chonchi, ngati mwana wopanda mwini." Iwo anaika ana awo asanu ndi awiri. Kuwada ndikufuna, koma sizikutheka.

Chibadwire mwanayu sindinatseke maso. Ndikulondera.

13 Ogasiti

Tsiku loyamba kugwira fulmar. Amuna onse kumaphompho, akazi kokasenza mbalame. M'mudzi tinatsala ine ndi apongozi.

Tulo tandigulitsa. Pang'ono pokha, dzuwa lili pamutu. Chinandidzutsa ndi fungo. Nsalu ya pamchombo yachikasu, yonyowa.

Sanabise n'komwe. "Mdzukulu wanga sangafe ine ndikuona, mwanawe." Mawu ofewa, ngati andichitira chifundo.

Ndatsuka ndi madzi owiritsa. Ndatsukanso. Fungo silikuchoka.

16 Ogasiti

Nthenga paliponse, mpaka mu mkaka. Tormod manja ali mabala okhaokha. Anamunyamula mwana n'kumuyang'ana zala za kumapazi. "Uyu adzakwera phompho kundiposa."

Akuyamwa bwino. Wandiyang'ana. Mwina ndinatsuka msanga. Ndinatulutsa kamalaya kumuyeza pamwamba chabe. Manja atalika, adzakulira momwemo.

Apongozi analowa ndisanakabise. Anagwira pakamwa.

17 Ogasiti

Wakana bere.

Akulifuna, akulisaka, koma kukamwa sikukutseguka. Nsagwada gwa. Timanja wafumbata. Ndikuzidziwa izi, ndaziona kawiri.

Ndikumudonthezera mkaka ndi nthenga. Ukutsikira m'khosi mwa malaya anga.

18 Ogasiti

Chitseko chikangogunda, thupi lonse kuuma, msana kupindika. Ndauza Tormod avule nsapato. Wavula, wakhala pansi, akulira osatulutsa mawu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu.

20 Ogasiti

Bokosi kuchokera ku thabwa la chitseko cha khola. Ndamuveka kamalaya kake. Manja ndinachita kupinda.

Kumanda akazi kunong'onezana, osati za mafuta ayi. Za kamalaya. "Anasoka tsiku lisanakwane, amayembekeza chiyani?" Apongozi anandikumbatira pamaso pa onse. "Ndakukhululukira, mwanawe." Ndinaluma lilime mpaka magazi.

9 Sepitembala

Mkaka ukutulukabe. Kutchalitchi benchi langa lili ndi malo ambiri masiku ano.

Nthawi zina ndimati mwina akunena zoona. Mwina kamalaya. Mwina mafuta. Namwino uja ali kutsidya kwa nyanja, ndipo sitima sibweranso mpaka chaka chamawa. Ndifunse ndani?

Chifu chija achidzazanso ndi mafuta atsopano. Chomwecho, chosatsuka.

21 Okutobala

Dzulo kuchitsime Effie anadikira ena achoke. Mimba yatsika. Sanasoke kanthu, wandionetsa manja ngati ndamufunsa. Kenako chapansipansi: "Mlamu, nsalu ija munawiritsa nthawi yaitali bwanji?" Ndinamuuza kuti wanga anafabe. Ati, "Wanu anamupaka. Ine musandisiye ndekha ndi amayi."

Tormod akuti ndikalowerera za mlongo wake, mudzi wonse utitembenukira. Utembenuke. Chatsala n'chiyani choti undilande?

25 Okutobala

Effie wayamba. Apongozi adutsa pawindo, chifu chili m'manja.

Madzi anga awira, nsalu ili m'thumba. Ndagoneratu m'mawa wonse, dala. Masiku asanu ndi atatu akubwerawa sinditsekanso maso, andinene mfiti kaya chiyani.

Akundiitana. Ndi mawu a Effie, osati a apongozi.