Kambale ka ku Kitwe si Chikole

Kitwe
9 Ogasiti 1981

Amama okondedwa,

Monile amama. Muli uli kumeneko ku Chikomeni? Nanga mwendo uja, mphepo ya chaka chino sinaudzutsenso? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Kalata ino ndikulemba nditakwiya, ndipo sindibisa.

Loweluka anandipeza kuntchito Robson, uja amayendetsa lole ya fodya kwa Mphamba. Akuti atate aang'ono a Amock afalitsa mudzi wonse kuti ine ndinalandila chikole kwa mdala wina wa ku migodi, iwo akuona ndi maso awo. Akutinso nkhaniyi yafika kwa makolo a bwenzi langa Danwell, ndipo akufuna kudzatenga ng'ombe za malowolo zimene anaika kale m'khola mwathu. Ndinasowa polowa, amama. Ndiloleni ndikuuzeni mmene zinayendela, chifukwa atate aang'ono anabwela kuno kudzachilitsa diso, koma zikuoneka kuti anabwelela nalo lisanapole.

Atatuluka m'chipatala anati pakamwa pawo pakufuna nyama ya nkhosa basi. Mukudziwa kuti mbuzi sadya, imawatulutsa zidzolo. Ya ng'ombe kuno tikungoimva mbili, m'mabucha mwatsala ntchentche, ndipo ngakhale shuga ndi saladi yophikila tikuchita kuimila pamzele. Ndinazungulila nawo tauni yonse. Kumsika mayi wina wophika anawapakulila mbuzi nkunena kuti ndi nkhosa. Iwo ananunkhiza, nkufunsa mokweza kuti mchila wake wa mafuta uli kuti, mpaka anthu anatizungulila. Kwina anatiuza kuti nkhosa amaphika pa Khilisimasi pokha. Mapazi atandiwawa ndinati basi, tidikile Lachisanu tikadye kumene ndimagwila ntchito.

Pa lesitilanti yathu, ya mmwenye ija, Lachisanu timaphika nkhosa ya tsabola ndi mpunga. Mtengo wake si wa anthu ngati ife. Ndinachondelela abwana kuti adzandidule pa malipilo, nkuwakhazika atate aang'ono pa tebulo la pakona. Anadya mpaka kuyamwa fupa, thukuta lili kamukamu, nkumanditama kuti mwana wa mkulu wawo wawalemekeza.

Tsopano apa mumvetse bwino, amama. Kuno munthu akadya nkulipila, chenji chake timamubweletsela pa kambale. Ngati wakondwa ndi mmene tamusamalila, amasiyapo tindalama. Amati tipu. Ili ngati mbasela ya kumsika, kungoti apa wopeleka ndi wogula. Azungu amasiya, amwenye amasiya, anthu akuda amasiya, azimayi nawonso amasiya. Sitipempha, ndipo wosasiya sitimunena, timangomuyang'ana kumsana akamatuluka. Abwana amatilipila zochepa dala, poti akudziwa kuti tipu ilipo. Feteleza amene ndinakutumizilani chaka chatha ndi yunifolomu ya mng'ono wanga Justina, zonsezo zinachokela pa kambale komweko.

Tsiku limenelo kunabwela kapitawo wina wa ku mgodi, munthu wa imvi, amene amadya kwathu kawilikawili pamodzi ndi akazi ake. Tsoka langa, tsikulo anali yekha. Atadya anasiya kandalama kapepala pa kambale, nkuphimba ndi kansalu kopukutila m'manja kuti fani ingakaulutse. Ine ndinapinda maondo nkulandila ndi manja awili, monga munandiphunzitsila inu nomwe. Ndisanatembenuke, atate aang'ono anali atafika kale. Anandilanda kambale, nkukhala pa tebulo la munthu wosamudziwa. Anayamba kumufunsa chiwongo chake ndi kwawo, ndiponso kuti thenga wake wa ukwati ali kuti, poti kwathu mbale yophimba ya chikole sapatsa mtsikana m'manja. Mdala uja Chitumbuka samva ngakhale liwu limodzi. Anangomwetulila nkumavomela chilichonse, kenaka anawagwila chanza nkutuluka. Anzanga anaseka mpaka wina anagwetsa thileyi ya mbale.

Ndinawafotokozela kukhitchini, ndinawafotokozela panjila, kunyumbanso ndinabweleza. Anati mwana wa dzulo sangawaphunzitse tanthauzo la mbale yophimba, iwo amanga maukwati ine ndisanabadwe. Anati popeza atate anatisiya, mwini nkhani ndi iwo, ndipo munthuyo wavomela yekha pamaso pawo. Kandalama kaja anamanga pa mpango, kambale anaponya m'chikwama, akuti ndi umboni. Abwana anandidula mtengo wa kambale pamwamba pa nkhosa ija. Ine ndinkati akafika kumudzi aona ng'ombe zawo nkuiwala. Ndinadzinamiza.

Amama, ngati aliyense wosiya ngwee pa kambale ndi mwamuna wanga, ndiye kuti ndakwatiwa ndi theka la Kitwe, kuphatikizapo ansembe ndi mayi wina wa ku banki amene amadya nsomba Lolemba. Bwanji atate aang'ono sanabwele ndi thumba kudzatolela malowolo onsewo?

Chikundiwawa kwambili nchakuti munthuyu ndinamusiyila bedi langa ine nkugona pa simenti. Ndinamupelekeza kuchipatala nditamugwila dzanja ngati mwana. Ndinamudyetsa chakudya chimene ine mwini ndimangonyamula osalawa. Malipilo ake ndi amenewa, kundisandutsa nyimbo ya pachitsime. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Atate aang'ono mlomo sanausiye kuno, anaunyamula wonse kupita nawo kwathu.

Za a Danwell zikundipweteka mwa mtundu wina. Robson akuti iwo sanandinyoze, koma anamufunsa ngati nzoona kuti ndimagwadila amuna achilendo. Anamutumanso kuti andiuze kuti ngati ukwati ndikuufuna, ntchito ndisiye mwezi uno. A Danwell ndimawakonda, inu mukudziwa. Amuna a kuno ndawakana ambili chifukwa cha iwo. Koma keyala yanga ali nayo, kulemba amadziwa, ndipo mpaka lelo sanandifunse ine mwini ngakhale mzele umodzi. Anamva kwa munthu wa diso la mankhwala, nkutuma woyendetsa lole. Tinapangana kuti ntchito ndidzasiya tikakwatilana, ndipo mawu amenewo sindinasinthe. Koma ndikasiya lelo, ndiye kuti ndavomela bodza, ndipo mudzi wonse udzati ndathawa manyazi. Sindisiya.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa Mphamba, musatume atate aang'ono, mukawauze makolo a Danwell zimene ndalembazi. Kumeneko kuli amadala amene anagwilapo ntchito ku migodi, awafunse kuti tipu nchiyani. Apempheni aleze mtima kufikila ndibwele pa tchuthi, kuti atate aang'ono adzanene pamaso pa onse dzina la mkamwini wawoyo, ngati analimva nkomwe.

Koma mukakapeza kuti mitima yawo yauma, musachondelele. Tsegulani khola, ng'ombe zawo atenge. Ndikudziwa kuti ndidzalila, ndipo inunso mudzasowa zolimila chaka chino, zimenezo ndidzaona chochita. Ine ndimapinda maondo tsiku lonse chifukwa ndi ntchito. Inu musakagwadile munthu chifukwa cha mlandu umene mwana wanu sanapalamule.

Mundipelekele moni kwa Justina, mumuuze alimbike sukulu. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa alamu onse. Atate aang'ono nawonso muwapatse moni, ulemu sindinataye ngakhale andichita zotele. A Danwell okha musawapatse. Akaufuna moni wanga, adziwa kumene angaufunse.

Khalani makola, amama. Chiuta akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Petronella