Tizitsulo Tisanu ndi Tiwiri ta Amayi

Lolemba, 3 Malichi

Gitala yang'aluka pakhosi. Kamng'alu kakang'ono, koma nsambo yachitatu ikulira ngati ntchentche m'botolo. Konsati ndi Loweruka la sabata yamawa. Mwini holo wandiimbiranso. "Koma muikemo ndi zovinika, bwana. Anthu asamaone ngati mukuchuna gitala ola lonse." Zaka makumi awiri ndikumva zomwezi. Zimandinyansa.

Ndilembe pano, poti pakamwa ndatopa kufotokoza. Gitala yam'sitolo ili ndi tizitsulo topingasa pakhosi, kalikonse ndi liwu lake. Yangayi ndinawonjezamo tisanu ndi tiwiri, pakatikati pa takale. Mawu a amayi amakhala pamenepo. Nyimbo imene ankaimba cham'mphuno posita zovala siipezeka pa kiyibodi iliyonse. Chaka chawo chomaliza ndinkakhala m'mphepete mwa bedi, iwo akuimba, ine ndikusuntha kawaya pakhosi la gitala, mpaka anene kuti, "Eya, pamenepo." Ndiye n'kucheka, n'kukhoma kachitsulo. Miyezi isanu ndi inayi. Zoyeza ndi lula n'kulemba pa pepala ndinkati mawa.

Nyimbo ya Lowerukayo ndi imeneyo. Koyamba pagulu.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndaisiya kwa alamu, amuna a achemwali. Kalipentala wa manja abwino, makabati awo sungawapezere chifukwa. Ndawauza katatu konse: guluu pamng'alu, basi. Iwo amvekere, "Alamu, mtima m'malo, ibwera yatsopano."

Achemwali ali pakhomo, manja m'chiuno. "Bola akuchiritsire, mwina isiya kulira ngati mphaka wodwala." Chichitikire maliro timangopatsana moni wa pamsewu. Chaka chija iwo ankasambitsa amayi ndi kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, ine ndili ndi kasowo kanga. Sanaiwale.

Loweruka, 8 Malichi

Yabwera.

Alamu aibweretsa okha, ataikulunga m'chinsalu, mano onse panja. Khosi lonyezimira vanishi. "Amene anakupangirani uja anakuberani, alamu. Tizitsulo tothinana ngati mano a mwana. Ndazula tonse, ndapala thabwa lonse, miyezo ndatengera pa gitala ya kutchalitchi. Musandipatse kanthu." Kenako apisa m'thumba. Kabokosi ka machesi, tisanu ndi tiwiri tija tili m'kati, akuti mwina ndingatifune.

Ndinathokoza. Ine, ndi pakamwa pangapa.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndaiyang'ana padzuwa, ndaunika ndi tochi, ndapapasa ndi chikhadabo. Ngakhale kamzere. Munthuyo ntchito yake amaisamala, ndiye chopwetekacho.

Ndailiza kamodzi. Mawu oyera, owongoka, ngati foni ikuitana. Nyansi. Ndikati ndiwapsere mtima alamu, ndikumbukira kuti lula yakhala mu dilowa zaka ziwiri. Mphindi khumi zikanakwana. Chitsiru ndi ndani pamenepa?

Chakudya chandikanika.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tiwaya pakhosi, kuyesa ndi khutu langa. Liwu lachitatu ndimati ndapeza. Kupita kosamba, kubwerako, ndikukayika. Kusuntha. Kukayikanso. Masiku atatu okha gitala yowongokayi yandiwonongera khutu. M'mutu mwangamu amayi ayamba kuimba ngati kwaya, zimene sanachitepo ali moyo. Zikundiopsa kuposa konsati.

Ndamuuza mwini holo zomwe zachitika. Kuseka. "Ndiye Mulungu wayankha, bwana, muimba zomveka." Ndinadula foni. Zala zonse zikununkha vanishi, sopo akulephera.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinapita kukabweza chinsalu chija, mawu oti ndikawauze alamu nditawakonza njira yonse. Kulibe, apita kokagula matabwa. Chitseko cha kukhitchini chili pululu. Achemwali akusita malaya a amuna awo, andifulatira, sanandimve.

Akuimba cham'mphuno.

Nyimbo ija. Liwu lachitatu lotsika pang'ono, lopendekeka, pomwe amayi ankaliika. Liwu lachisanu chimodzimodzi. Ngakhale popumira. Munthu amene zaka zonsezi wakhala akunena za mphaka wodwala, mphakayo ali m'mphuno mwake momwe, iye osadziwa.

Ndinaima pakhomo, chinsalu m'manja. Atandiona anasiya. "Ukufuna chiyani?" Ndinati ndabweretsa chinsalu. Ndinachiika pampando, ulendo. Wamantha. Lero amene akundinyansa ndi ine ndemwe.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndalawirira konko. Gitala, tiwaya, kasowo, kabokosi ka machesi. Lula ndi pensulo. Ndi thumba la malaya anga asanu osasita.

Ndinayamba ndi pepani. Osati za gitala. Za zofunda zija, za kusambitsa, za ine kukhala m'mphepete mwa bedi ngati mlendo. Nditanena chimene ndadzera anati, "Ine sindiimba. Woimba pabanja pano ndiwe." Ndinawapatsa thumba lija. Analisuzumira. "Ulibe manyazi iwe." Koma simbi anaitenga.

Malaya oyamba, zii. Alamu anasuzumira pawindo, anaona tiwaya pa vanishi wawo, anabwerera ku matabwa.

Pa malaya achiwiri anayamba. Chapansipansi. Ine pansi pa simenti, kusuntha kawaya, kuliza, kusuntha. Iwo osatembenuka n'komwe. "Iyayi, wapitirira. Bwerera pang'ono." Ndinabwerera.

"Eya, pamenepo."

Pensulo inandigwa m'manja. Iwonso simbi anaiiwala pa kolala, malaya anga oyera apsa, tonse awiri osalabadira. Kenako ndinayeza. Ndalemba kawiri, pa pepala ndi pachikuto cha buku lino.

Tapeza tiwiri tokha tsiku lonse. Mwini holo ndamuuza kuti mawa sindiimba, aike ovinitsa akewo. Wakondwa, sanabise.

Totsala ndi tisanu, malaya atha. Potuluka achemwali anandiitana pakhomo, maso ali kwina. Akuti Lolemba ndibwere ndi makatani.