Kamfupi wa pa Chiringa

Lolemba, 4 Ogasiti

Yalira! Ndinakoka chingwe kachitatu, injini n'kutsokomola kawiri, kenako pupupupu osasiya. Ndinakuwa mpaka amayi a tomato kutsidya kwa msewu anathamangira kuno, ati amayesa ndapsa ndi moto wowotcherera.

Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikulimbana nayo njinga yamoto imeneyi kuseri kwa shopu ya Ababa. Ntchito ya anthu ikachepa, ine kumapaipi anga. Felemu ndawotcherera ndekha, thanki ndekha, chishalo ndinasoketsa kwa atelala a pamsika. Injini yokha ndiyo yogula, ya pampu yothirira m'dimba. Magiya palibe. Ukapotokola handulo imapita, basi. Pakati palibe chitsulo, wa chitenje angolowetsa mwendo. Ndipo ukakhala, mapazi onse awiri amaponda pansi, ngakhale a ine Sumayya mfupi ine.

Ababa anaima pakhomo ndi sipanala m'manja. Ati, "Zimitsa iwe, petulo akusowa." Koma ndinawaona akutembenuka kuti ndisaone kuti akumwetulira.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

A Makina, wapampando wa akabaza pano pa Chiringa, anabwera kudzapopetsa tayala. Anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"A Salimu, mwana wanuyu wapanga chiyani? Njinga yamoto kapena mpando wa kusukulu ya mkaka? Kamfupi ngati mwini wake!"

Anzawo kuseka chikhakhali. Zinandiwawa, sindinama. Koma dzinalo landikomera. Ndalilemba pathanki ndi penti yoyera: KAMFUPI. Aseke bwino.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Magetsi kulibe tsiku lonse. Chotchingira tcheni sichinathe. Ndangokhala n'kumaipukuta ngati mbale za alendo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndapeza wogula!!

Mayi Fainess, alangizi a zaumoyo a ku Nkhulambe. Amapalasa njinga midzi yonse ija ndi bokosi la mankhwala kumbuyo, ndipo mawondo ayamba kuwavuta. Mwezi wa Meyi anabwera kudzakonzetsa pedulo, n'kuona felemu isanathe, n'kuti ikadzatha ndidzawauze. Ndinkayesa ndi mawu chabe. Lero atulukira.

Anandifotokozera kuti anayesapo kuphunzira njinga yamoto yaikulu. Kuyenda anayenda, koma ataima mapazi sanafike pansi, n'kugwa nayo pamaso pa anthu. Chiyambire sanaikhudzenso.

Anakhala pa Kamfupi mwamantha, atagwira phewa langa. Kenako anayang'ana pansi, n'kuponda ndi phazi ili, n'kuponda ndi linalo. Anasiya phewa langa.

"Achemwali, iyi ndiye mwandiyeza ine."

Nditawauza mtengo, pafupifupi theka la mtengo wa njinga zamoto zakunja, anafunsa kawiri ngati amva bwino. Vuto ndi limodzi. Amuna awo apeza yaikulu yakale ku Migowi ndipo akukakamira imeneyo. Mayiwo awapempha kuti adikire mpaka Loweruka. Ndiye kuti Loweruka lomweli!

Chakudya sichikulowa. Ndikungoyendayenda.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndikulemba chigongono chitatupa.

Chotchingira tcheni ndinamaliza m'mawa. Ababa atapita kumzikiti ndinati ndiiyese pamtunda, poti kwa Mayi F. si kwachidikha kokhakokha. Ndinamangirira thumba la nandolo kumbuyo, chisoti kumutu, ulendo wa kunjira yokwera cha ku Michesi. Kukwera inakwera mokoma, pang'onopang'ono koma osadandaula. Azimayi ochokera kunkhuni anatula mitolo n'kumandiimbira nthungululu. Ndinadzimva ngati ndani kaya.

Potsika m'pamene zinavuta. Mabuleki ndinaika a njinga yakapalasa, a labala ogwira limu, olimba aja a njinga za makala. Poyamba anagwira. Kenako fungo la labala wopsa. Ndikafinya, ziii. Kufinyanso, ziii. Kutsogolo kuli kakhwawa. Ndinangoikhotetsera m'munda wa chinangwa wa eni ake, khu! Ine uko, thumba uko.

Felemu sinapindike ngakhale pang'ono, zimenezo ndiye ndanyadira. Koma mabuleki aja ndi imfa.

Ndinabwerera chokankha. Ababa ananditsuka bala ndi madzi amchere. A Makina anali pompo. Ati, "Ingoikani labala watsopano, mumange waya, mugulitse. Mayi aja azithamanga kuti? Mwayi sudikira munthu."

Choipa n'chakuti ndinawamvetsera. Mpaka pano mawuwo akuzungulira m'mutu.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mayi Fainess anafika m'mawa, atavala chitenje chatsopano, amuna awo ali pambuyo. Labala watsopano ndinali nditaika kale. Ikuwala, bwinobwino, palibe akanadziwa.

Mayi F. anaona nsalu pachigongono changa n'kufunsa chachitika n'chiyani. Ndikanatha kunena kuti ndadzicheka ndi lata. Koma ndinaona bokosi lawo la mankhwala lija pakaliyala, n'kuganiza za kakhwawa kaja.

Ndinawauza zonse. Kuti pachidikha ilibe vuto, koma pamtsetse ndi katundu siima, ndipo sindingawapatse lero.

Amuna awo anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha amayi. Zopanga pakhomo n'zimenezi. Tiyeni ku Migowi."

Mayi F. anayang'ananso chigongono changa. Kenako anandifunsa, "Mukufuna masiku angati?"

Ndinati sabata imodzi, ngakhale sindikudziwa kuti ndiyambira pati.

Anatembenukira amuna awo. "Abambo, wa ku Migowi uja anakuuzani chimene chinawonongeka panjinga yake? Uyu watiuza yekha, ndi bala lomwe. Ndidikira."

Atapita ndinalowa kuseri n'kulira pang'ono. Kenako ndinamasula wilo.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Pakufunika habu, chitsulo cha pakati pa wilo, ya njinga yamoto yeniyeni, ya mabuleki a m'kati. Yatsopano ikweza mtengo, ndiye phindu la Kamfupi n'chiyani? Mutu waima.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndazungulira onse okonza njinga zamoto pano. Wina alibe, wina ali nayo yong'aluka, wina akuti ndibwere mwezi wamawa. Ndinabwerera chimanjamanja.

Ndikufika pashopu, ndapeza a Makina akhala pabenchi, thumba la saka lili pamapazi. Anangolikankha ndi phazi. M'katimo mahabu awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, adzimbiri koma amoyo! Ati ndi za njinga yawo yoyamba imene inafa injini, zakhala kudenga zaka zitatu.

Ndinawayang'ana. Iwo akuyang'ana kumsewu. "Mawu ndinalankhula Lachisanu aja sanali a munthu wamkulu. Mng'ono wanga tinamuika m'manda chifukwa cha mabuleki. Njinga zakufa ngati yangayi zilipo zambiri kwa anzanga, mukazifuna muzinena."

Ndinagwada powathokoza. Ati ndidzuke, ndikuwachititsa manyazi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Masiku awiri osapuma. Masipoko akale sanakwane pahabu yatsopano, tinachita kudula ena n'kuwapinda. Kuluka wilo ndi ntchito ya Ababa, ine sindifikako. Anakhala pampando wawo wachikopa, magalasi pamphuno, kumazunguza wilo, kumvetsera, kumanga pang'ono, kuzunguzanso. Makasitomala awiri anawabweza, ati abwere mawa. Ababa kubweza kasitomala! Sindinaonepo.

Ine ndawotcherera chogwirira mabuleki ndi chopondera cha phazi. Magetsi anatichitira chifundo, Alhamdulillah.

Ababa ati, "Yachiwiri udzayambire kumabuleki, injini pambuyo." Yachiwiri! Anena okha.

Lachinayi, 14 Ogasiti

IMAIMA!

Njira yomwe ija, thumba lomwe lija. A Makina ananditsatira pambuyo ndi njinga yawo. Ndinafika pamene ndinagwera paja. Ndinaponda. Inaima pomwepo ngati yamva kuitana. Ndinakwera n'kutsika katatu, kachitatu tinawonjezera mwala waukulu pathumba. Habu inangofunda pang'ono.

Kenako a Makina ati abwereke. Chimunthu chonse chija pa Kamfupi, mawondo m'mwamba ngati chiwala! Anatsika nayo, anakwera nayo, pobwera ati, "Ikuchedwa." Ndinati ndi dala, ndi ya ophunzira. Ati, "Eya, ndikudziwa. Ndangonena."

Mwini munda wa chinangwa ndamupeza, ndapepesa. Anaseka, ati mitengo itatu yokha, koma ndidzamukweze tsiku lina.

Loweruka, 16 Ogasiti

Tinapita nayo pabwalo la mpira. Anthu anadzaza ngati kuli masewera, akabaza onse, amayi a tomato, ndi ena osawadziwa. Mayi F. anandinong'oneza kuti anthu achuluka. Ndinati ayang'ane pagolo pokha, ine ndili pambali pawo.

Ulendo woyamba anapotokola kwambiri, inadumpha, anakuwa "Mayo!" n'kuponda buleki. Inaima. Mapazi pansi, onse awiri. Sanagwe. Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka.

Wachiwiri ndinathamanga nawo nditagwira kaliyala. Pakati pa bwalo ndinasiya osawauza. Anazungulira golo, anabwerera, anandidutsa, akukuwa kuti, "Musasiye achemwali, musasiye!" Ine ndili chiimire pakati pa bwalo manja m'chiuno. Bwalo lonse linaphulika.

Anazungulira kasanu ndi kawiri. Amuna awo anayamba ndi manja opinda pachifuwa, pomaliza ndi iwo amene amathamangitsa mbuzi kuti zichoke m'njira. Anabwera kwa Ababa n'kuwagwira chanza. Za ku Migowi sanazitchulenso.

Tagwirizana. Kamfupi ndi wa Mayi Fainess. Ababa apita nayo ku Blantyre Lachiwiri kuti akaione a zapamsewu ndi kuyamba za mapepala. Kufikira zimenezo zitatheka, aziphunzira pabwalo pokha. Ndawalonjeza kuti chikavuta chilichonse ndidzapalasa ndekha mpaka ku Nkhulambe.

Mawu andithera ndi kukuwa.

Lolemba, 18 Ogasiti

Ndimasesa pashopu m'mawa pamene panafika bambo wina wachikulire, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Sindikuwadziwa. Ati achokera kumudzi wa kuseri kwa Michesi, ananyamuka kusanache. Ndinayesa akufuna Ababa, ndinati akhale pabenchi ndikawaitane.

"Ayi, ndikufuna amisiri aakazi aja."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa luzi lopindidwa bwino, lomangidwa mfundo kumapeto. Ati akazi awo amagula nandolo m'midzi, amasenza pamutu, khosi lawatha. Sanathe kubwera, ndiye anawayeza mwendo kuyambira m'chiuno mpaka pansi.

"Ndi afupi kuposa inuyo. Zingatheke?"

Ndinatambasula luzi lija pambali pa mwendo wanga. Zoonadi, laperewera ndi zala zinayi.

Ndinaika tsache pansi n'kukatenga choko chojambulira felemu.